WOPUKUTA NSAPATO ANAKHALA MKURU WA NYUMBA YA MALAMULO

Mbiri ya Bambo Willie Brown a ku California

Dziko la Amereka liri ndi zigawo 50, ndipo cigawo ciri conse ciri ndi Bwanamkubwa wace ndi Nyumba yace ya Malamulo. M'cigawo ca California Nyumba ya Aphungu iri ndi mipando 80, ndipo amene atsogolera zokambirana zace achedwa Sipikala. Palibe munthu anakhala pa mpando umenewo nthawi yaitali koposa Bambo Willie Brown, amene anaugwira kuyambira 1980 kufikira 1995. Iwo ndiwo anali munthu wakuda woyamba kuukhala. Mbiri yao ndi yoyenera kuti awerengi athu aiganizire, pakuti luso limene linawakweza ndilo linacititsanso anthu kupanga lamulo lakuti wina asadzakule monga iwo.

UBWANA WAO

Bambo Brown anabadwa m'caka ca 1934 m'kamudzi ka Mineola, m'cigawo ca Texas, masiku amene malamulo anali kulekanitsa Azungu ndi anthu akuda m'sukulu ndi m'malo odyera. Analeredwa ndi agogo ao akazi, ndipo ali mnyamata ankapukuta nsapato za Azungu. M'caka ca 1951, ali ndi zaka 17, anapita ku San Francisco kukakhala ndi amalume ao. Kumeneko anaphunzira akugwira nchito zosesa ndi zina zotere kuti apeze ndalama za sukulu, ndipo m'caka ca 1958 anatsiriza maphunziro a uloya pa sukulu ya Hastings.

Dzina lao linayamba kumveka m'caka ca 1961, pamene ogulitsa nyumba zatsopano ku Forest Knolls anakana kuonetsa banja lao nyumba cifukwa ca khungu. Bambo Brown anasonkhanitsa anzao nakakhala pa malopo masiku angapo, kufikira mzinda wonse unadziwa za tsankholo. Anaima pa cisankho m'caka ca 1962 nagonja ndi mavoti ocepa, koma m'caka ca 1964 anapambana nalowa m'Nyumba ya Aphungu ku Sacramento.

KUWERENGA MAVOTI

M'caka ca 1974 anayesa kukhala Sipikala, koma anzao a cipani ca Democrat anasankha Bambo Leo McCarthy. Kugonjaku kunawaphunzitsa kuti m'Nyumba ya Malamulo kulankhula bwino sikukwanira. Cofunika ndico kudziwa mphungu ali yense, cimene asowa ndi cimene aopa. Mwai unafika m'caka ca 1980, pamene cipani cao cinagawanika pakati pa Bambo McCarthy ndi Bambo Howard Berman. Bambo Brown anapita kwa adani a cipani cao, a Republican, napangana nao. Potero anasankhidwa ndi mavoti 51, ndiwo 28 a Republican ndi 23 okha a cipani cao.

Mphamvu ya Sipikala masiku amenewo inali yaikuru ndithu. Iye ndiye anali kuika aphungu m'makomiti, kugawa maofesi ndi akalaliki, ndi kusonkhanitsa ndalama zothandiza anzace pa cisankho. Bambo Brown anagwiritsa nchito zonsezi mocenjera, ndipo anachuka kuti akalonjeza kanthu sabwerera pa mau ao. Ngakhale Abwanamkubwa a cipani cina, monga Bambo George Deukmejian, sanathe kupititsa ndalama za Boma popanda kumvana nao.

Ife a kuno kum'mwera kwa Afrika tiri ndi cifukwa cokumbukira zaka zimenezo. M'caka ca 1986 akuru oyang'anira University of California, amene Sipikala anali mmodzi wa iwo, anabvomereza kucotsa madola oposa 3 biliyoni m'makampani ocita malonda ndi South Africa. M'caka comweco Nyumbayo inabvomereza lamulo limene analemba Mai Maxine Waters, locotsa m'makampani omwewo ndalama za penshoni za anchito a Boma, ndipo Bwanamkubwa Deukmejian analisaina. Bambo Nelson Mandela atamasulidwa anafika ku Oakland m'mwezi wa June 1990 nathokoza anthu a kumeneko.

ANTHU AIKA MALIRE

Koma mphamvu yotere inautsa mantha. Otsutsa anadandaula kuti Sipikala anali kulandira ndalama zambiri za cisankho kwa makampani, makamaka a fodya, ndiponso kuti anali kugwirabe nchito ya uloya ali pa mpando. Apolisi a Boma lalikuru anafufuza za ziphuphu m'Nyumba ya Malamulo, ndipo aphungu ena anamangidwa, koma Bambo Brown sanaimbidwe mlandu uli wonse. Ngakhale zinali tero, m'mwezi wa November 1990 anthu a California anabvomereza pa voti lamulo lochedwa Proposition 140, lakuti munthu asakhale m'Nyumba ya Aphungu kupitirira zaka 6. Ofuna lamuloli sanabise kuti anali kulinga kwa Bambo Brown.

Asanacoke anaonetsa luso lao kotsiriza. Pa cisankho ca 1994 a Republican anapeza mipando 41, ndipo onse anayesa kuti mpando wa Sipikala ndi wao. Koma mmodzi wa iwo, Bambo Paul Horcher, anabvotera Bambo Brown, mavoti nalingana 40 kwa 40, ndipo patapita milungu ingapo ya mkangano Bambo Brown anakhalanso pa mpando. Anautula m'mwezi wa June 1995, atathandiza Mai Doris Allen a Republican kuutenga ndi mavoti a Democrat.

CIMENE ANASIYA

Kuyambira 1996 kufikira 2004 anali Meya wa San Francisco. M'zaka zao nyumba ya Boma la mzindawo, imene inaonongeka ndi cibvomezi ca 1989, inakonzedwa nitsegulidwanso m'caka ca 1999. Bwalo latsopano la masewera linatsegulidwa m'caka ca 2000. Ndipo dera la Mission Bay, kumene kale kunali njanji zakale, linayamba kumangidwa. Koma mtengo wa nyumba unakwera kwambiri, ndipo amphawi ambiri anadandaula kuti mzindawo sunalinso wao. M'caka ca 2014 mbali ya kumadzulo ya mlatho waukuru wa pakati pa San Francisco ndi Oakland inachedwa dzina lao.

Lamulo la 1990 lija linabala zimene eni ace sanayembekeze. Aphungu anali kucoka asanadziwe bwino nchito, ndipo anthu olembedwa ndi makampani kukanyengerera aphungu ndiwo anatsala odziwa zakale. Cifukwa cace m'caka ca 2012 anthu anasintha lamulolo nalola zaka 12. Zaka zimenezi ziri zocepabe poyerekeza ndi zaka 14 ndi theka zimene Bambo Brown anakhala Sipikala, ndi zaka 30 zimene anakhala mphungu. Anthu a California anafuna Nyumba imene munthu mmodzi sangailamulire, ndipo anaipeza; koma mtengo wace unali wakuti mphungu wodziwa nchito acoka pamodzi ndi wosadziwa, zaka zace zikakwana.