Mbuzi zosochera ndi mitundu ya mbuzi ku Malawi

Mbuzi yosochera ndi mbuzi yomwe yachoka m'khola kapena kubusa la mwini wake n'kukapezeka m'munda, m'dimba kapena pakhomo pa munthu wina popanda woiyang'anira. Ku Malawi, komwe mabanja ambiri a kumidzi amaweta mbuzi zochepa pafupi ndi minda ya anzawo, nkhani ya mbuzi zolowa m'munda ndi umodzi mwa milandu yomwe imafika kawirikawiri kubwalo la nyakwawa. Mlanduwu umakhala ndi mbali ziwiri. Mwini munda amafuna chipepeso cha mbewu zake, pomwe mwini mbuzi amayenera kutsimikiza kuti chiwetocho n'chakedi. Pachifukwa ichi, kudziwa mtundu wa mbuzi, msinkhu wake ndi zizindikiro zake kumathandiza mlimi kuti asataye chiweto komanso kuti asadane ndi anansi ake.

Kufunika kwa mbuzi pabanja

Mbuzi ndi chimodzi mwa ziweto zoyamba zomwe anthu anaweta. Zinayamba kuwetedwa zaka pafupifupi 10,000 zapitazo kudera la mapiri a Zagros, ku Iran ndi maiko oyandikana nawo. Ku Malawi, mbuzi ndi nkhokwe ya banja. Imagulitsidwa pakafunika fizi, feteleza kapena ndalama ya kuchipatala. Imaphedwa pachinkhoswe, paukwati, pamaliro ndi pachiliza, ndipo Asilamu amaifuna kwambiri pa nthawi ya Eid. M'madera ena imaperekedwa ngati chindapusa kwa amfumu. Banja lomwe lili ndi mbuzi zitatu zokha likataya imodzi, lataya gawo lalikulu la chuma chake. Chimodzimodzinso, banja lomwe limadalira dimba limodzi likhoza kutaya ndiwo ndi ndalama za miyezi ingapo ngati mbuzi zalowamo kwa ola limodzi.

Zomwe zimachititsa kuti mbuzi zisochere

Kaweteredwe ka mbuzi m'midzi yambiri kamatsata nyengo. M'dzinja, kuyambira mwezi wa Novembala kapena Disembala mpaka nthawi yokolola mu Epulo ndi Meyi, mbuzi zimamangiriridwa pachikhomo kapena kupita kubusa ndi ana. Anthu akatha kukolola, mbuzi zimatayiriridwa kuti zizidya mapesi ndi zotsalira za m'minda, ndipo madzulo zimabwerera zokha kukhola.

Dongosololi linkayenda bwino pomwe minda yambiri inkakhala yopanda mbewu m'chilimwe. Masiku ano zinthu zasintha. Ulimi wothirira ndi wa m'madimba wachuluka. M'chigawo cha kummwera, nandolo amakhalabe m'munda miyezi ingapo chimanga chitakololedwa, ndipo chinangwa chimakhala m'munda chaka chonse. Alimi a mtayakhasu amaphimbira minda yawo ndi mapesi, omwenso ndi chakudya cha ziweto. Ena amabzala mitengo yomwe mbuzi zimaibudula ikadali yaing'ono. Motero mikangano yambiri imabuka m'chilimwe, pomwe mwini mbuzi amaona kuti ndi nthawi yotayirira, koma mwini munda akadali ndi mbewu.

Palinso zifukwa zochokera ku chikhalidwe cha mbuzi. Mbuzi imakonda masamba a mitengo ndi zitsamba kuposa udzu, ndipo imadziwa kukwera, kudumpha ndi kudutsa pampata waung'ono wa mpanda. Tonde amatha kuyenda mtunda wautali potsata mbuzi yaikazi yomwe ikufuna kukweredwa, zomwe zimachitika pafupifupi masiku 21 aliwonse ngati sinatenge bere. Mbuzi yogulidwa kumene imayesa kubwerera kukhola lake lakale. Agalu, afisi ndi mvula yamkuntho zimabalalitsanso gulu, ndipo chingwe chofumbwa chimaduka mosavuta.

Mitundu ya mbuzi

Mbuzi zachikuda. Mbuzi zambiri za ku Malawi ndi zachikuda, zomwe ena amati zamakolo. Akatswiri amaziika m'gulu lotchedwa Small East African. Ndi zazing'ono thupi, ndipo yaikulu imalemera kawirikawiri makilogalamu 20 mpaka 35. Makutu ake ndi aafupi, oimirira kapena oloza m'mbali. Nkhope ndi yowongoka, nyanga ndi zazifupi, ubweya ndi waufupi. Maonekedwe ake ndi osiyanasiyana: zakuda, zoyera, zofiirira ndi zamawangamawanga. Zimapirira chilala, matenda ndi chakudya chochepa kuposa mbuzi zochokera kunja, koma zimakula pang'onopang'ono ndipo mkaka wake ndi wongokwanira ana ake.

Mbuzi za Boer. Mtundu uwu unachokera ku South Africa, kudera la Eastern Cape, ndipo bungwe la alimi oweta mtunduwu linakhazikitsidwa kumeneko m'chaka cha 1959. Imawetedwa chifukwa cha nyama. Thupi lake ndi loyera, mutu ndi khosi ndi zofiirira, ndipo nthawi zambiri pamphumi pamakhala mzere woyera. Makutu ndi aatali, ogwera pansi. Mphuno ndi yokhota ngati uta, nyanga zimapindikira kumbuyo, chifuwa ndi chachikulu. Tonde wamkulu wodyetsedwa bwino amatha kupitirira makilogalamu 100. Ku Malawi, kafukufuku wokweretsa mbuzi zachikuda ndi atonde a Boer anachitikapo ku Lifidzi m'boma la Salima komanso ku koleji ya Bunda, ndipo mabungwe ena agawapo atonde a mtunduwu m'midzi. Ku South Africa kulinso mitundu ina ya nyama yofanana ndi Boer pa kaumbidwe ka thupi: Kalahari Red, yomwe ndi yofiirira thupi lonse, ndi Savanna, yomwe ndi yoyera thupi lonse.

Mbuzi zamkaka. Saanen inachokera ku Switzerland. Ndi yoyera thupi lonse, yaitali miyendo, yamakutu oimirira ndi bere lalikulu. Imatulutsa mkaka wambiri koma siipirira dzuwa lamphamvu, choncho imafuna mthunzi ndi khola labwino. Toggenburg nayonso ndi ya ku Switzerland. Ndi yofiirira, ili ndi mizere iwiri yoyera kumaso, ndipo miyendo yake ndi yoyera kumunsi. Mbuzi zamkaka sizochuluka ku Malawi, ndipo zambiri zimasungidwa m'khola n'kumapatsidwa chakudya momwemo.

Mbuzi zosakaniza. Mwana wa tonde wa Boer ndi mbuzi yachikuda amakhala theka Boer, theka wachikuda. Mwanayo akadzakweredwanso ndi Boer, ana ake amakhala ndi magawo atatu mwa anayi a magazi a Boer. Mbuzi zoterezi zimakhala ndi makutu apakatikati, ogwera pang'ono, ndi thupi lokulirapo kuposa lachikuda. Mtundu wa ubweya pawokha sukwanira kudziwira mtundu wa mbuzi, chifukwa yachikuda ikhoza kukhala yoyera ngati Saanen kapena yofiira mutu ngati Boer. Makutu, mphuno ndi kukula kwa thupi ndiwo amanena zambiri. Izi n'zofunika pamsika komanso pamlandu, popeza mtengo wa tonde wa Boer ndi wosiyana kwambiri ndi wa tonde wachikuda.

Kuzindikira mbuzi ya munthu

Kudziwa mtundu ndi chiyambi chabe, chifukwa m'mudzi umodzi mukhoza kukhala mbuzi zakuda zachikuda makumi angapo. Mwini wake weniweni amadziwa zinthu zomwe munthu wongoiona sangazidziwe: banga la kumimba, nyanga yothyoka, chipsera cha chingwe pamwendo, ndevu, kapena tizikopa tiwiri tolendewera pakhosi tomwe mbuzi zina zimabadwa nato. Amadziwanso ngati tonde ndi wofula, ndiponso ngati yaikazi ili ndi bere kapena ikuyamwitsa.

Msinkhu umadziwika poona mano. Mbuzi ilibe mano akutsogolo kunsagwada ya m'mwamba, koma ili ndi mano 8 akutsogolo kunsagwada ya m'munsi. Ikadali yaing'ono, mano onsewa amakhala ang'onoang'ono. Ikapitirira chaka chimodzi, awiri apakati amaguluka ndipo pamamera akuluakulu. Ikafika zaka ziwiri imakhala ndi mano aakulu 4, pazaka zitatu 6, ndipo pazaka pafupifupi zinayi onse 8 amakhala aakulu. Mano operepeseka kapena oguluka amasonyeza kuti mbuzi yakalamba. Kawerengedwe aka ndi kongoyerekeza, koma kamathandiza kugwira bodza la munthu yemwe akunena kuti mbuzi yachaka chimodzi anaigula zaka zitatu zapitazo.

Alimi ambiri amaika chizindikiro chawo. Ena amacheka khutu mwa njira yodziwika kubanja lawo, ena amaika chikhomo chapulasitiki cha nambala pakhutu, ena amapaka penti kapena kumanga kansalu ndi belu m'khosi. Penti imafufutika ndipo kansalu kamachotsedwa, koma chocheka pakhutu chimakhalitsa. Chithunzi chojambulidwa pafoni, choonetsa mbali zonse ziwiri za mbuzi, ndi umboni wamphamvu. Njira ina yakale ndi kumasula mbuzi madzulo pamaso pa mboni n'kuona khola lomwe ilowe. Ngati ndi mayi woyamwitsa, ana ake amamuthamangira.

Mbuzi yachilendo ikapezeka

Munthu akapeza mbuzi yachilendo m'munda mwake, choyamba ndi kuigwira osaivulaza n'kuimangirira pamthunzi. Imafuna madzi ndi chakudya monga chiweto china chilichonse. Kuimenya, kuithyola mwendo, kuipatsa poizoni kapena kuipha kumasandutsa wodandaula kukhala wolakwa, ndipo mtengo wa mbuzi nthawi zambiri umaposa wa mbewu zomwe yadya.

Chachiwiri ndi kuitana mboni kuti zione mbewu zoonongeka mapazi a mbuzi asanafufutike. Chachitatu ndi kudziwitsa nyakwawa tsiku lomwelo, kuti uthenga ulengezedwe m'mudzi ndi m'midzi yoyandikana. Kusunga mbuzi ya mwini mwakachetechete, kuigulitsa kapena kuipereka kwa ogulitsa kanyenya kungatengedwe ngati kuba, ndipo kuba ziweto ndi mlandu waukulu m'malamulo a Malawi. Polengeza, ndi nzeru kusatchula zizindikiro zonse. Wobwera kudzaitenga ndiye ayenera kuzifotokoza asanaione.

Mbuzi yachilendo siyenera kulowetsedwa m'khola limodzi ndi mbuzi zapakhomo. Ikhoza kubweretsa nkhupakupa, mphere, njoka za m'mimba kapena zilonda za pakamwa. M'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, komwe matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amabuka kawirikawiri, boma limaletsa kuyendetsa ziweto matendawa akagwa. Mbuzi yooneka yodwala iyenera kuonetsedwa kwa mlangizi wa ziweto wa m'deralo.

Kuweruza mlandu

Milandu yambiri imathera pakukambirana kwa eni ake awiri. Zikakanika, nkhani imapita kwa nyakwawa, ndipo ikakula imafika kwa gulupu kapena kwa mfumu yaikulu. Bwalo limaona kukula kwa malo oonongeka, msinkhu wa mbewu, nyengo yomwe zachitikira, ndiponso ngati mwini mbuzi anachenjezedwapo kale. Limafunsanso ngati dimba linali ndi mpanda, chifukwa m'midzi ina udindo wotchinga dimba m'chilimwe ndi wa mwini dimba, pomwe m'dzinja udindo womanga mbuzi ndi wa mwini mbuzi. Chipepeso chimakhala ndalama, mbewu, nkhuku kapena mbuzi imene.

Midzi ina inagwirizana malamulo akeake oti ziweto zizikhala ndi mbusa chaka chonse, makamaka komwe kuli masikimu a ulimi wothirira. Makhonsolo nawonso ali ndi mphamvu, pansi pa lamulo la maboma ang'ono la 1998, zopanga malamulo a m'dera lawo. Pakakhala chikayiko choti mbuzi inabedwa, nkhani imapita kupolisi. Wogula mbuzi kutali amafunika kalata yachilolezo yoyendetsera ziweto kuchokera ku ofesi ya za ziweto, ndipo kalatayi imamuteteza akafunsidwa panjira.

Kusochera ndi kaswedwe ka mbuzi

Mbuzi zikamangoyendayenda, mlimi sasankha tonde wokwera mbuzi zake. Timbuzi tating'ono timatenga bere tisanakhwime, ndipo tonde amakwera mayi ake kapena ana ake, zomwe zimabweretsa ana ofooka. Mlimi yemwe wagula tonde wa Boer amapezanso kuti mbuzi zake zakweredwa kale ndi tonde wosochera. Popeza bere la mbuzi limatenga masiku pafupifupi 150, cholakwika cha tsiku limodzi chimaonekera patapita miyezi isanu. M'maboma a Mzimba ndi Nsanje, alimi ena mothandizidwa ndi akatswiri a yunivesite ya LUANAR amasankha pamodzi atonde abwino achikuda oti azikwera mbuzi za m'mudzi, ndipo otsalawo amafulidwa kapena kugulitsidwa.

Kapewedwe

Khola lolimba, makamaka la m'mwamba, limateteza mbuzi kwa afisi ndi akuba komanso limasunga manyowa. Chingwe chiyenera kuonedwa tsiku ndi tsiku, ndipo chikhomo chizisunthidwa kuti mbuzi ipeze msipu watsopano. Kufula atonde osafunika kumachepetsa kuyendayenda. Kusunga masangwe a mtedza ndi mapesi, kubzala mitengo ya chakudya cha ziweto monga lukina, ndi kupereka madzi, madeya ndi mchere pakhomo madzulo kumazoloweretsa mbuzi kubwerera msanga. Mbuzi yogulidwa kumene imasungidwa payokha m'khola kwa masabata awiri kapena atatu isanatulutsidwe ndi zinzake. Kuwerenga mbuzi madzulo aliwonse kumathandiza kuti yosowa iyambe kufunidwa usiku womwewo, isanafike kutali.