Zimene zili m'kati mwa mtengo wa mbawa

Mbawa ndi umodzi mwa mitengo yachilengedwe imene amisiri a matabwa amaikonda popala zitseko, mabedi, matebulo ndi mafelemu. Akatswiri a zomera amaitcha Khaya anthotheca, ndipo ndi ya banja limodzi ndi nimu. Imakonda m'mbali mwa mitsinje, ndipo ikasiyidwa imatha kutalika mamita oposa 40. Komabe m'midzi yambiri ya m'boma la Chiradzulu mbawa imagwetsedwa isanakhwime, n'kuthera mu uvuni wa njerwa. Munthu akadziwa mmene thabwa lake limapangikira, amaona kukula kwa chuma chimene chimatayika potero.

Chipika cha mbawa chikadulidwa chopingasa chimaonetsa zigawo zitatu. Kunja kuli khungwa lowawa. Pansi pa khungwalo pali mnofu woyererako umene umakweza madzi kuchoka ku mizu kupita ku masamba. Pakati pali mtima wa mtengo, wofiirira, umene umaderako ukakhalitsa pa mphepo ndi pa kuwala. Mtimawu umapangika pang'onopang'ono: mnofu wakale ukaleka kunyamula madzi, umadzala ndi utomoni ndi zinthu zina zimene zimaupatsa mtundu ndi kuuteteza. N'chifukwa chake mbawa yanthete imakhala ndi mnofu woyera wambiri, womwe umafumbwa msanga, pamene yokhwima imapereka matabwa ofiira a mtengo wapatali.

Pa nsonga ya thabwa lodulidwa bwino pamaoneka timabowo tomwazika ponseponse. Imeneyi ndi mitsempha imene munkadutsa madzi, ndipo ina imakhala ndi utomoni wakuda. Ulusi wa thabwali suyenda mowongoka: kwa zaka zingapo umapendekera kumanja, kenako kumanzere. Kulukana kumeneku ndiko kumabweretsa mizere yonyezimira thabwa likapakidwa vanishi, komanso ndiko kumachititsa kuti pulena yobuntha izikadzula thabwa m'malo molisalaza.

Matabwa ouma a mbawa okwana kiyubiki mita imodzi amalemera pakati pa makilogalamu 490 ndi 660. Choncho ndi opepukirapo, osavuta kucheka, ndipo amagwira bwino misomali ndi guluu. Akauma mokwanira sasinthasintha ndi nyengo, koma akagwiritsidwa ntchito ali aawisi amapindika, chitseko n'kuyamba kukana kutsekeka. Ayenera kusanjidwa pamthunzi, pokwera, ndi timitengo pakati pawo kuti mphepo izidutsa. Mbawa siyenera kukwiriridwa m'nthaka ngati nsanamira, chifukwa chiswe ndi chinyezi zimaiwononga, ndiponso mankhwala otetezera matabwa salowa bwino mu mtima wake.

Mtengowu ukuchepa m'maiko ambiri a mu Africa. Mu Novembala 2022, msonkhano wa pangano la CITES umene udachitikira ku Panama udaika mbawa za mu Africa pa mndandanda wa mitengo imene matabwa ake satuluka m'dziko popanda chilolezo. Kuno kwathu nkhalango zimayendetsedwa ndi lamulo la zankhalango la 1997, ndipo aliyense wofuna kucheka mbawa ayenera kuyamba waonana ndi ofesi ya zankhalango ya boma lino.

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo. Njere za mbawa, zimene zimakhala ndi timapiko, sizichedwa kufa, kotero ziyenera kufesedwa mu nazale zikangotoledwa. Mbande zimakula bwino m'magombe a mitsinje ngati Mombezi ndi Namadzi, kumene mizu yake imagwira dothi. Zikabzalidwa mosakaniza ndi mitengo ina, mbozi yoboola nsonga, imene imachititsa mtengo kupanga mphanda, siziwononga kwambiri.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbawa yodulidwa ili yanthete imapsa usiku umodzi mu uvuni, koma yosiyidwa kuti ikhwime imadzapereka zitseko za nyumba ndi madesiki a sukulu za m'dera lomwelo.