Mkute wa ku Naples

Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito ya ukhukhi, funso limene silitha n'lakuti: "Kodi zakudya za ku Italy zija zili ndi chinsinsi chanji?" Wofunsayo amadikira kuti nditchule mafuta odula kapena tchizi wa dzina lopinda lilime. Ine ndimamuuza za supageti wolala, nkhope yake n'kugwa.

Ku Naples, mzinda wa kummwera kwa Italy, supageti kapena makaroni akatsala madzulo sataya. Kukacha amamusakaniza ndi mazira n'kumukazinga m'chiwaya, ndipo pamatuluka chinthu chobulungira ngati keke chimene eni ake amati frittata di maccheroni. Dzinalo lisakuopseni. Frittata ndi mawu ochokera ku mneni wa Chitaliyana wotanthauza kukazinga, basi. Ndi mkute umenewu. Amaudula mapisi, kuukulunga m'pepala n'kupita nawo kunyanja, kapena kokacheza kunja kwa mzinda tsiku la Pasquetta, Lolemba lotsatira Isitala. Amadya utazizira, ndi manja.

Ophika ambiri amaphonya pa mazira. Amaswa ambirimbiri ngati akukonza kadzutsa wa alendo, supagetiyo n'kumangoyandama m'katimo. Ayi ndithu. Njerwa ndi supagetiyo, dzira ndi dothi lomangira chabe. Pa supageti wophika wodzaza mbale ziwiri, mazira anayi akwana. Atakaseni ndi foloko, thiranimo tsabola wakuda ndi tchizi wouma wopala, pecorino kapena parmigiano, koma mchere mungowaza pang'ono poti tchiziyo ali nawo kale wake. Akakhala ndi ndalama, a ku Naples amaduliramo salami ndi provola, tchizi wofutsa ndi utsi amene amanyululuka akatentha. Ngati supageti wa dzulo anali ndi tomato, musamutsuke. Frittata yofiira imeneyo ndi imene ine ndimaikonda koposa yoyera.

Chifukwa chofunira wolala si umphawi wokha. Supageti akagona mufiriji amalimba ndipo kunja kwake kumauma, choncho amagwira dzira bwinobwino osasanduka phala. Wongophula kumene amayamba kuphika mazira mukadasakaniza m'mbale, ndipo mumapeza zibuluma musanafike n'komwe pamoto.

Moto ndiye pagona nkhani. Dzira limayamba kugwirana pa madigiri pafupifupi 70, pamene chiwaya cha pamoto waukali chimapyola 200 mosavuta. Mukapupuluma, pansi pamapserera pakati pakadali madzi. Tenthetsani mafuta pang'ono, khuthulirani zonse m'chiwaya, salazani pamwamba ndi supuni, kenako chepetsani moto. Musavundule. Ndikudziwa dzanja limayabwa, koma lisiyeni. Kwa mphindi 10 ntchito yanu ndi kumvetsera: kuchokera pa chiphokoso choyamba chija, chiwaya chizingoti tswii chapansipansi. Mukachigwedeza n'kuona kuti chonsecho chikutsetsereka pamodzi, ndiye kuti pansi papanga nkhoko, ndipo aliyense amene analimbiranapo nkhoko za nsima ali mwana akudziwa kuti kukoma kumakhala pamenepo. Nsonga za supageti zotulukira m'mbali zimauma n'kumati khurrr m'kamwa.

Kenako kutembenuza. Vundikirani mbale yafulati yokula kuposa chiwayacho, ikanikizeni ndi chikhatho, gadabuzani kamodzi n'kamodzi, kenako tsetserezerani frittata m'chiwaya muja kuti mbali inayo ipse mphindi 5. Tsiku langa loyamba, m'khitchini ya hotela ina, ndinazengereza dzanja lili m'malere. Theka linagwera pa nsapato zanga, mafuta otentha n'kunditsikira pamkono. Mkulu wa makhukhi sanandikalipire. Anangotola mbale imene ndinasankha n'kuisanjika pa chiwaya kuti ndione ndekha kuti inali yaing'ono.

Palinso mtundu wina umene umatsimikizira kuti dzira ndi mthandizi chabe. Umatchedwa frittata di scammaro, wa nyengo ya Lenti, ndipo mulibe dzira ngakhale limodzi. A ku Naples amaulumikiza ndi Ippolito Cavalcanti, mfumu ya ku Buonvicino imene inatulutsa buku la kaphikidwe lotchedwa Cucina teorico-pratica mu 1837. Mumalowa maolivi akuda, capers, mphesa zouma ndi tinsomba tamchere ta anchovy, tofananako ndi usipa. Chogwirizitsa zonsezo ndi ulimbo wa supageti mwini wakeyo pamodzi ndi mafuta. Umenewu ndiye umayesa khukhi, chifukwa ukautembenuza nthawi isanakwane umamwazika ngati udzu wa padenga. Ine ndimaupatsa mphindi 15 mbali yoyamba, ndipo mbale ndimayamba ndaiyeza pa chiwaya ndisanayatse moto.