Mafayilo anu ali ndi makope angati, ndipo ali kuti?

Ntchito yanga ndi yosamalira makompyuta ndi zimene anthu amasungamo. Funso limene ife a ntchitoyi timafunsidwa kawirikawiri ndi lakuti: ndigule chiyani kuti zinthu zanga zisadzasowe? Wofunsayo amayembekezera kuti titchula hadi disiki yolimba, flashi yodula, kapena kampani yodalirika ya pa intaneti. Chipangizo chotero kulibe. Chosungira chilichonse chili ndi tsiku lake lofa, ndipo sichilengeza. Chimene chimapulumutsa zithunzi za ukwati, mndandanda wa angongole kapena malisiti amene a MRA adzafune kuona ndi kutalikirana kwa makope ake, kuti tsoka limodzi lisawapeze onse pamodzi. Bakapu yonse yagona pamenepa, ndipo amene wamvetsa zimenezi angateteze zinthu zake ndi ndalama zochepa kuposa mnzake amene wagula zipangizo zapamwamba n'kuziunjika pa tebulo limodzi.

Tiyambe ndi chifukwa chimene zosungira zimafera. M'kati mwa hadi disiki muli timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndipo kamutu kowerenga kamayandama pamwamba pake osakhudza. Laputopu ikagwa timbaleto tikuzungulira, kamutuko kamakanda pamene palembedwa zinthu zanu. Flashi, memori kadi ndi SSD zilibe chozungulira, n'chifukwa chake ambiri amaziyesa zosafa, koma zimasunga zinthu potsekera timphamvu ta magetsi m'tizipinda tating'onoting'ono. Tizipindato timatha pang'onopang'ono tikamalembedwa, ndipo mphamvuyo imadontha flashi ikakhala zaka m'kabati osalumikizidwa. Kampani ya ku America yotchedwa Backblaze, imene ili ndi madisiki ochuluka zedi, imafalitsa chiwerengero cha amene afa, ndipo chaka ndi chaka chimakhala disiki imodzi kapena awiri pa 100 aliwonse. Amenewo ndi madisiki okhala m'zipinda zoziziritsidwa, a magetsi osaphethira. Athu amapuma fumbi, amapsa ndi dzuwa la Okutobala, ndipo amalandira magetsi obwera ndi ukali akakhala kuti anathima. Pamwamba pa izo pali maflashi achinyengo ogulitsidwa motchipa, olembedwa 64 GB pamene m'kati muli malo ochepa. Amalandira mafayilo mwaulemu, koma tsiku lowatsegula mumapeza osawerengeka.

Kutalikirana koyamba ndi kwa malo. Mu Malichi 2021 moto unanyeketsa nyumba imodzi yosungiramo makompyuta ya kampani ya OVHcloud mumzinda wa Strasbourg ku France. Makasitomala ena anali atalipira bakapu, koma makope awo anali pamalo omwewo, ndipo anapsera limodzi ndi zimene ankayenera kuteteza. Ngati zinachitika kwa akatswiri otere, nanga mwini shopu amene amakopera zonse pa flashi mokhulupirika Loweruka lililonse, kenaka n'kuiponya m'chikwama momwe muli laputopu? Wakuba akatsomphola chikwamacho m'depoti satenga theka. Madzi a namondwe Freddy atalowa m'nyumba za ku Blantyre mu Malichi 2023 sanasankhe kuti ichi n'choyambirira, ichi n'kope. Kope limodzi liyenera kugona denga lina: kunyumba ngati kompyuta ili ku ofesi, kwa m'bale wodalirika, kapena pa intaneti.

Kutalikirana kwachiwiri n'kumene ambiri sakudziwa, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono. Disiki ya bakapu imene ili yolumikizidwa ku kompyuta usana ndi usiku ndi mbali chabe ya kompyutayo. Vayirasi ya mtundu wa ransomware ikalowa, imamanga fayilo iliyonse imene ingaifikire, ya pa disiki yolumikizidwayo ndi ya pa makompyuta ena a mu ofesi yomweyo, kenaka imafuna dipo. Mu Juni 2017 vayirasi ya NotPetya inagwetsa makompyuta a Maersk, kampani yaikulu yonyamula katundu pa sitima zapanyanja, ndipo imeneyi inali yoipa koposa, chifukwa ngakhale wolipira dipo sakanabwezeredwa kanthu. Kampaniyo inali ndi makompyuta ambiri osunga mndandanda wa ogwira ntchito ndi zilolezo zawo, omwazikana m'mayiko osiyanasiyana, koma onse anali olumikizana ndipo anafafanizika pamodzi. Malinga ndi zimene magazini ya Wired inalemba mu 2018, inapulumuka imodzi yokha, ya ku ofesi ya ku Ghana, chifukwa kumeneko magetsi anali atathima ndipo kompyutayo inali itachoka pa netiweki vayirasi isanafike. Kuchokera pa kope limenelo ndi pamene anayambira kumanganso zonse. Makope onse aja anali otalikirana makilomita zikwizikwi, koma mtunda umene unagwira ntchito unali wa waya wosalumikizidwa. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti disiki ya bakapu izilumikizidwa pokopera pokha, ikatha ntchito izizulidwa.

Wina anena kuti zimenezo ndi za makampani a mabiliyoni, akuba a pa intaneti angafunenji kwa telala kapena kwa sukulu ya mkaka. Kuganiza kotero kumayesa kuti pali munthu amene wakhala pansi n'kusankha inu. Mavayirasi ambiri amangomwazidwa, kudzera m'mauthenga a imelo, m'mapulogalamu obedwa amene anthu amapatsana pa flashi, ndi m'makompyuta osalandira zokonza zatsopano, ndipo amagwira aliyense wopezeka pa njira. WannaCry, mu Meyi 2017, inafika m'mayiko oposa 150 m'masiku owerengeka, n'kusokoneza ngakhale zipatala za boma ku Britain. Kuno kwathu, mu Febuluwale 2024, Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makompyuta osindikizira mapasipoti alowereredwa ndi anthu ofuna dipo, ndipo Amalawi anakhala milungu yambiri osalandira mapasipoti. Kusiyana kwake n'kwakuti boma ndi Maersk ali ndi poyambiranso. Bizinesi yaing'ono imene yataya mndandanda wa amene ali nayo ngongole yataya ndalamazo.

Kutalikirana kwachitatu ndi kwa nthawi, ndipo apa ndiyenera kutsutsana ndi chikhulupiriro chofala chakuti zonse zili pa Google Drive kapena OneDrive, ndiye nkhani yatha. Mapulogalamu amenewa ntchito yawo yaikulu ndi kufananitsa: chimene chasintha pa kompyuta chimasinthanso pa intaneti. Ali ngati kalilole, amene amakuonetsani mmene mulili panopa, pamene bakapu iyenera kukhala ngati chithunzi chosunga mmene munalili dzulo. Wantchito akafufuta foda molakwitsa, kapena fayilo ya maakaunti ikawonongeka, kufufutako ndi kuwonongekako kumakoperedwanso mokhulupirika. N'zoona kuti Google Drive imasunga zofufutidwa masiku 30 isanazitayiretu, ndipo zimenezi zapulumutsa ambiri. Koma fayilo imene mumaitsegula kamodzi pa chaka, nthawi yokonza za msonkho, mudzazindikira kuti palibe masiku 30 atadutsa kalekale. Choncho musamalembe kope latsopano pamwamba pa lakale nthawi zonse. Sungani la mwezi watha ndi la kumapeto kwa chaka, lililonse m'foda yolembedwa deti lake. Amene amachita malonda pa WhatsApp adziwenso kuti kampaniyo sisunga mauthenga akafika kwa mwini wake; ngati bakapu ya m'foni sinatsegulidwe, maoda onse amapita ndi foniyo.

Akatswiri amafupikitsa zonsezi m'lamulo lotchedwa 3-2-1, limene linatchuka kudzera mwa wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali. Chodandaula chimene chimabwera msanga ndi mtengo, ndipo sindichipeputsa, chifukwa bandulo ya intaneti ndi hadi disiki zimadya ndalama zimene zikanagula katundu wa m'shopu. Koma tiyeni tione chimene chikufunika kutetezedwa. Zinthu zimene bizinesi singayende popanda izo, monga maakaunti, makontirakiti, mndandanda wa makasitomala ndi zikalata za kaundula, n'zopepuka kwambiri. Za zaka zingapo zimakwana m'malo ochepa kuposa vidiyo imodzi ya ukwati. Google imapereka 15 GB yaulere, Microsoft ndi Apple 5 GB, ndipo kukweza mafayilo a mlungu umodzi sikungamalize ngakhale bandulo yaing'ono. Zolemera, monga mavidiyo ndi zithunzi, zipite pa madisiki awiri osinthanasinthana, ina ili ku ntchito ina ili kunyumba. Nyimbo ndi mafilimu amene mungawapezenso kwina musawawonongere malo. Ndipo amene amalemba zonse m'kope la pepala asadzione ngati nkhaniyi siikumukhudza: pepala nalo limapsa ndi kunyowa, ndipo kujambula masamba ake ndi foni madzulo alionse n'kutumiza pa imelo ndi bakapu yokwanira.

Chodandaula china n'cholemera kuposa cha ndalama: kodi n'kwanzeru kupereka zinsinsi za makasitomala kwa kampani yakunja, kapena kusiya disiki kwa m'bale? Nkhawayi ndi yoyenera, makamaka kwa a zipatala zing'onozing'ono, maloya ndi masukulu, ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 likuika udindo pa aliyense wosunga mbiri za ena. Yankho lake ndi kukhoma mafayilo asanachoke m'manja mwanu, pogwiritsa ntchito BitLocker imene imapezeka m'mitundu ina ya Windows, kapena VeraCrypt imene ndi yaulere. Wotola disiki yokhomedwa sapezamo chowerengeka. Koma dziwani kuti mukaiwala pasiwedi, inunso mwatsekeredwa kunja, ndipo palibe katswiri amene angakutsegulireni. Ilembeni pa pepala n'kuisunga pamene mumasunga zikalata za malo. Chimodzimodzi akaunti ya pa intaneti. Ambiri anatsegulitsa Gmail kwa wogulitsa foni ndipo sadziwa pasiwedi yake, ena anaimangirira ku nambala imene anasiya kalekale, ndipo mabizinesi ena zonse zili mu akaunti ya wantchito amene mawa angachoke mokwiya. Google inalengezanso kuti akaunti yokhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito ikhoza kufufutidwa. Kope limene simungathe kulitsegula musaliwerengere pa makope atatu aja.

Chatsala ndi chimene ngakhale akatswiri amachinyalanyaza: kuyesa kubweza. Mu 1998, ku kampani ya Pixar, lamulo lolakwika pa kompyuta linafufuta mbali yaikulu ya filimu ya Toy Story 2 ili m'kati mopangidwa. Atathamangira ku bakapu anapeza kuti inali itasiya kugwira bwino ntchito popanda wodziwa, ndipo filimuyo inapulumuka chifukwa mayi wina wa pakampanipo, amene ankagwirira ntchito kunyumba posamalira khanda, anali ndi kope pa kompyuta yake. Mu Januwale 2017 kampani ya GitLab, yodzaza ndi akatswiri a mapulogalamu, inafufuta mwangozi zosunga zake zikuluzikulu n'kupeza kuti mwa njira zisanu za bakapu zimene inkadalira panalibe yogwira ntchito moyenera. Inabwerera pa kope lotengedwa maola 6 m'mbuyo, ndipo za maola amenewo zinatayika. Paja akuluakulu amati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Uthenga wa pa sikirini wakuti kukopera kwatha sukutsimikizira kuti mafayilowo adzatseguka. Kamodzi pa miyezi itatu tengani disiki ija, ilumikizeni ku kompyuta ina, osati yanu ya masiku onse, ndipo tsegulani mafayilo angapo, akale ndi atsopano. Lowani mu akaunti yanu ya pa intaneti pa foni ya munthu wina, muone ngati mungathe popanda foni yanu m'manja, kenaka tulukanimo. Pa bizinesi, ntchito imeneyi ikhale ndi mwini wake wodziwika ndi dzina ndi tsiku lake pa kalendala, ndipo munthu wachiwiri adziwe pamene pali disiki ndi pepala la pasiwedi.