INJINI IKATSAMWA NDI PETULO

Alimi ena akali nazo galimoto zakale monga Land Rover ndi lole ya Bedford, kapena thirakitala ya Ferguson TE20 imene inapangidwa ku Coventry kuyambira 1946 kufikira 1956. Injini za petulo za makina otere ziri ndi kabuleta, ndico cipangizo cosanganiza petulo ndi mpweya. Petulo akacurukitsa injini itsamwa, ndipo matumba anu a cimanga agona panjira tsiku la msika.

Zizindikiro zace ndi izi: pfungo la petulo, utsi wakuda, mapulagi onyowa, ndi petulo wodontha pa kabuleta.

Poyamba citani cotere. Kankhirani choke m'kati. Pondani copondera moto kufikira pansi, osacipopa ai, ndipo lizani injini masekondi 10. Ikakana, ilekeni mphindi 15 kuti petulo aume.

Bvuto likabweranso, gwero lace liri m'kambiya ka kabuleta. M'menemo muli coyandama, ndico fuloti. Petulo akadzala, fuloti ikwera nikankha kasingano kotseka khomo. Kasinganoko kakalephera kutseka, petulo asefukira. Tsono yang'anani zinthu zinai izi:

1. Zinyalala. Kamcenga kamodzi kokha kaletsa singano kutseka. Gogodani kambiyako pang'ono ndi cigwiriro ca sikuludiraiva. Zikakanika, masulani, tsukani ndi petulo woyera, nimuuzire mpweya. Musapise waya m'timabowo, cifukwa mudzatikuza.

2. Fuloti yobooka. Igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva petulo m'kati, yabooka ndipo imira. Gulani yina.

3. Singano yakutha. Mukaona kamzere kozungulira nsonga yace, isintheni pamodzi ndi pokhalira pace.

4. Msinkhu wa fuloti. Musapinde kadzanja kace mongoganiza; muyeso wace uli m'buku la galimoto yanu.

Tsukaninso cosefera mpweya, pakuti cikatsekeka ndi pfumbi injini ikoka petulo wambiri.

CENJERANI! Musasute fodya kapena kuyandikiza nyali ya parafini pogwira nchito iyi. Nunkhizaninso oilo wa m'injini. Akanunkha petulo, mkhetseni ndi kuthira watsopano, cifukwa oilo wosungunuka apereseretsa zitsulo msanga.

Sefani petulo wa m'mgolo musanamthire m'thanki. Inu a Ferguson, tsekani kampopi ka petulo madzulo ali onse, popeza thanki iri pamwamba pa injini ndipo petulo atsika yekha usiku wonse.