Madzi a Mandimu Oundanitsidwa: Zili M'kati Mwake ndi Ntchito Yake Kukhitchini

Madzi a mandimu oundanitsidwa ndi chakumwa chokhuthala, chothiridwa kale shuga, chomwe chimagulitsidwa chitaundana m'tizitini. Chimadziwika kwambiri ku America ndi ku Canada, komwe amachitcha frozen lemonade concentrate. Monga amachitira ndi Sobo, munthu samwa chakumwachi chili chokhachokha koma amayamba wachisungunula. Chitini cha mamililita 355 chimafuna madzi opitirira pang'ono zitini 4, ndipo chimatulutsa chakumwa chokwana pafupifupi malita 1.9.

Luso loundanitsa madzi a zipatso linayambira pa malalanje a ku Florida m'zaka za m'ma 1940. Akatswiri atatu, L. G. MacDowell, Edwin Moore ndi C. D. Atkins, ankaphwetsa madzi a malalanje m'mathanki ochotsedwa mpweya, momwe madzi amawira pasanatenthe kwambiri. Akatero ankawonjezeramo madzi ofinyidwa kumene kuti fungo ndi kakomedwe zibwerere. Boma la America linalembetsa lusoli mu 1948. Minute Maid, yomwe Coca-Cola inaigula mu 1960, ndi imodzi mwa makampani omwe anatchukitsa zakumwazi. Pali kusiyana kumodzi kwakukulu pakati pa zipatso ziwirizi: malalanje ngotsekemera kale, pomwe mandimu sangamweke popanda kuwathira shuga wambiri.

N'chifukwa chake shuga ndiye mwini chitinicho. Bungwe loona za chakudya ndi mankhwala ku America la FDA linakhazikitsa lamulo loti magawo osachepera 48 pa 100 alionse a kulemera kwa chakumwachi akhale zinthu zosungunuka, ndipo zambiri mwa izo ndi shuga. Kapu ya mamililita 240 ya chakumwa chosungunula kale imakhala ndi makalori pafupifupi 100 komanso magalamu 25 a shuga, omwe ndi masupuni a tiyi 6. Mu 2015, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti shuga wotere asafike magawo 10 pa 100 a mphamvu zomwe munthu amapeza m'chakudya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu muyezowu ndi pafupifupi magalamu 50, choncho makapu awiri okha amaumaliza, tiyi wam'mawa asanawerengedwe.

Vitamini C alimo ndithu, koma ngochepa. Magalamu 100 a madzi a mandimu ofinyidwa kumene amakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 39 a vitaminiyu, pomwe kapu yathunthu ya chakumwa chosungunula imangokhala ndi pafupifupi 10, pokhapokha ngati opanga awonjezeramo. Vitamini C amathandiza kuti zilonda zipole, nkhama zilimbe, ndiponso kuti thupi litenge bwino ayironi wa m'nyemba ndi m'ndiwo zamasamba. Komabe gwafa mmodzi amapereka vitaminiyu wochuluka kuposa makapu angapo a chakumwachi. Mapuloteni ndi mafuta mulibe oti n'kuwerenga.

Mano ndiwo amalipira kwambiri. Asidi wa mandimu amafewetsa chikuto cholimba cha dzino, ndipo tizilombo ta m'kamwa tikadya shuga timatulutsa asidi winanso. Madokotala a mano amalangiza kumwa zotere pa nthawi ya chakudya, kuchukucha m'kamwa ndi madzi, ndi kudikira mphindi zosachepera 30 musanatsuke mano. Odwala matenda a shuga ayenera kusamala nacho. Mwana wotsegula m'mimba asapatsidwe chakumwachi m'malo mwa Thanzi ORS, chifukwa shuga wochuluka amakokera madzi m'matumbo n'kukulitsa vutolo, ndipo mulibe mchere womwe thupi lataya.

Kukhitchini ndiko kumene madzi a mandimu oundanitsidwawa amaonetsa phindu lake lenileni, poti supuni zochepa zimapereka kuwawasa, kutsekemera ndi fungo pa nthawi imodzi. Shuga amachititsa kuti asaume gwa ngati ayezi, choncho wophika amatha kutapa zomwe akufuna n'kubwezera zotsalazo m'firiji. Ku America amawasakaniza ndi mkaka wokhuthala wa m'chitini ndi kirimu popanga payi wosalowa mu uvuni. Chinsinsi chake ndi asidi, yemwe amagwiranitsa mapuloteni a mu mkaka mpaka zonse zitalimba zikazizira. Ena amawapaka pamwamba pa keke yongophulidwa kumene kuti alowerere, kapena kuwathira mu tiyi wozizira popanga chakumwa chotchedwa Arnold Palmer, dzina la katswiri wa gofu wa ku America.

Pa nyama amagwiranso ntchito. Nkhuku yonyikidwa kwa maola ochepa m'madziwa, pamodzi ndi adyo, jinja, mchere ndi mafuta pang'ono, imafewa kunja n'kufiira bwino poiwotcha. Moto uyenera kukhala wochepa, chifukwa shuga sachedwa kupserera. Nsomba isakhalitsemo kupitirira theka la ola, apo ayi mnofu wake umaphwanyika. Ponyikapo ndi bwino kugwiritsa ntchito mbale yagalasi kapena yapulasitiki, popeza asidi amadya aluminiyamu.

Kumene zitinizi sizipezeka, banja lokhala ndi firiji likhoza kudzipangira lokha pa nyengo yomwe mandimu achuluka pamsika. Kapu ya shuga imasungunulidwa m'kapu ya madzi otentha. Zikazizira, amathiramo kapu ya madzi a mandimu osefedwa, n'kuziika m'timathireyi ta ayezi. Mandimu amalowa pomaliza chifukwa kutentha kumawononga vitamini C. Ubwino wodzipangira ngwakuti shuga akhoza kuchepetsedwa ndi theka, kapena kusiyidwa n'kuundanitsa madzi a mandimu okhaokha. Pa madigiri -18 madziwa amakhala miyezi ingapo osawonongeka, koma akasungunuka chifukwa cha kuthima kwa magetsi, ndi bwino kuwagwiritsa ntchito msanga.

Madzi a mandimu oundanitsidwa ndi chokometsera chabwino komanso chakumwa cha apo ndi apo. Ludzu la tsiku ndi tsiku lithetsedwe ndi madzi aukhondo, ndipo wofuna mavitamini adye chipatso chenichenicho.