Galimoto yongokhala nayonso imafuna oyilo watsopano

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, simungayende mtunda wautali osaona galimoto yakale itaima pansi pa mtengo wa mango, atayifunditsa tenti. Ina ndi Nissan 1400 ija ankapanga ku South Africa mpaka 2008, ina Peugeot 404 ya agogo, ina Land Rover imene kale inkanyamula usipa wouma kupita nawo ku Limbe. Mwini wake mwina ali ku Joni, amabwera kamodzi pachaka. Mwina alipo, koma petulo ndi wodula, ndiye galimoto imatuluka pokhapokha kukagwa maliro, kukakhala ukwati, kapena wina akadwala usiku.

Galimoto yotere oyilo wake timasintha liti? Ambiri timawerenga makilomita. Amakaniko anati tidzabwerenso tikayenda makilomita 5,000, ndiye poti chaka chonse tangoyenda 600, timaganiza kuti oyilo akadali wabwino. Komatu oyilo sakalamba ndi mtunda wokha. Amakalambanso ndi miyezi.

Chimachitika n'chotere. Petulo akamayaka mu injini amatulutsa nthunzi ya madzi, yambiri ndithu: lita imodzi ya petulo imatulutsa madzi okwana pafupifupi lita imodzinso. Ambiri amatuluka ndi utsi, koma ena amadutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kutsikira mu sampu, momwe mumakhala oyilo. Injini yakale, poti maringi ake anadyeka, imadutsitsa ochuluka. Galimoto ikayenda ulendo wautali oyilo amatentha, madzi aja n'kuuluka. Ikangoyenda kupita pa msika n'kubwerera, madzi amatsala. Akasakanikirana ndi zotsalira za utsi amapanga asidi, ndipo asidiyo amadya maberingi pang'onopang'ono galimoto ili chiimire. Onjezani chinyontho cha kunyanja kuno, chimene chimalowa mu injini usiku zitsulo zikamazizira. Onjezaninso kuti galimoto zakalezi n'za kabureta: mukakoka tchoko m'mawa, petulo wina amatsikira mu oyilo n'kumusungunula.

N'chifukwa chake anthu osunga galimoto zakale ku Britain ndi ku America, amene amaziyendetsa nyengo yotentha yokha, ambiri amasintha oyilo kamodzi pachaka, kaya galimoto yayenda kaya sinayende. Ndipo amasintha asanaitsekere m'galaja, osati poitulutsa. Apa ndi pamene ife timasemphana nawo. Munthu akabwera kuchokera ku Joni amathira oyilo watsopano tsiku lofika, amayenda mwezi wathunthu, kenako amasiya galimoto ndi oyilo wakuda uja miyezi 11. Zikanakhala bwino atatembenuza: asinthe oyilo ndi fyuluta sabata yonyamuka, ayende nayo pang'ono kuti oyilo watsopano afike paliponse, aimike. Ndalama ndi yomweyo, koma injini imagona mu oyilo woyera.

Pali chizolowezi china chimene timachita ndi mtima wabwino. Mwini galimoto amaimba foni kuuza mng'ono wake kuti aziliza injini sabata iliyonse kuti isafe. Mnyamata amailiza mphindi zisanu, n'kuzimitsa. Abale, kumeneko n'kuthira madzi mu oyilo. M'mphindi zisanu injini imapanga nthunzi koma siitentha mokwanira kuti nthunziyo ichoke, ndipo ina imatsalira mu ekizozi n'kuyambitsa dzimbiri. Ngati pali woyendetsa wodalirika, aziitulutsa kamodzi kapena kawiri pamwezi, ayende pamsewu theka la ola. Ngati palibe, kuli bwino kuchotsa waya wa batire n'kuisiya ipume. Dziwaninso kuti petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo ethanol amakoka chinyontho. Petulo wokhalitsa m'thanki miyezi yambiri musamudalire.

Kuona oyilo sikulira ndalama. Sololani kachitsulo koyezera, mupukute, mubwezeretse, musololenso. Akanunkha petulo, musinthe. Akakwera kupitirira pamene munasiya, dziwani kuti china chake chikulowamo, chifukwa oyilo sabereka. Tsegulani chivindikiro chothirira oyilo: mukapeza zoterera zoyera ngati chambiko, ndi madzi amenewo. Zikakhala zochepa, mwina ndi maulendo afupiafupi aja. Zikachuluka, madzi a mu radiyeta nawonso akuchepa, itanani amakaniko aone gasiketi. Koma mtundu wokha usakunamizeni. Oyilo akhoza kuoneka woyera ngati uchi ali ndi asidi kale.

Pogula, injini zakale zambiri zimayenda bwino ndi oyilo wolemererapo monga 20W-50. Ngati buku la galimoto likadalipo, tsatirani zimene likunena. Ndipo gulani wa m'chigubu chomata. Oyilo wopungulira m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu ndi wotchipa, inde, koma simungadziwe chimene chili m'katimo.

Nkhaniyi sikuthera pa galimoto. Pampu ya petulo yothirira dimba imagwira ntchito m'chilimwe, mvula ikagwa n'kulowa m'nyumba mpaka mwezi wa May. Mainjini aang'ono a Honda amene ali pa mapampu ambiri amalowa oyilo wongopitirira pang'ono theka la lita, ndipo buku lake limati azisinthidwa pa maola 100 kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana. Theka la lita, poyerekeza ndi mtengo wa pampu yatsopano! Sinthani musanaisunge.

Asodzi ena anena kuti izi sizikuwakhudza, poti injini za boti monga Yamaha Enduro oyilo wake amasakaniza ndi petulo. Zoona, zilibe sampu. Koma kunsi kwa mwendo wa injini, pafupi ndi pulopela, kuli magiya amene ali ndi oyilo wawowawo, ndipo ameneyo amafuna kusintha pa maola 100 kapena kamodzi pachaka. Twayini kapena chidutswa cha ukonde chikakulungika kuseri kwa pulopela chimadula labala yotchinga madzi, madzi n'kuyamba kulowa. Injini imalirabe bwinobwino, inu osadziwa kanthu. Mukaikweza kumtunda nyanja ikatsekedwa mu November, madziwo amakhala ndi magiya mpaka tsiku lotsegulira. Tsiku loikweza lomwelo, masulani kabawuti ka pansi muone chotuluka. Chikatuluka chotuwa ngati tiyi wamkaka, labala ija yapita, ndipo kuisintha n'kotchipa kuposa magiya.

Oyilo wakale musakhuthulire pamchenga kapena m'ngalande, chifukwa mvula yoyamba idzamutengera m'nyanja momwe chambo chimaswana. Thirani m'chigubu, mutseke, mukasiye kwa amakaniko. Pa chigubu chatsopanocho, kapena pakhoma pafupi ndi pamene galimoto imagona, lembani ndi makala mwezi umene mwasintha, kuti ngakhale mwini wake ali kutali, otsala pakhomo adziwe.